Kukonza Damu Lochucha ndi Kulionjezera Madzi ndi Mapaipi ku Machinga ndi Balaka

Vuto lake

Chaka ndi chaka, pofika mwezi wa Okutobala, madamu ambiri a nsomba a mabanja m'maboma a Machinga ndi Balaka amakhala atatsala ndi madzi olekeza m'mawondo, ena ataphweratu. Mlimi amakakamizika kukolola nsomba zisanakule n'kuzigulitsa pamtengo wozizira, ndipo dimba lodalira damulo limafota panthawi imene ndiwo zamasamba zili ndi msika wabwino. Zikatere, ganizo loyamba la alimi ambiri limakhala logula mapaipi kuti akoke madzi kuchokera ku kasupe, kumtsinje kapena pachitsime.

Mapaipi ndi othandiza, koma ayenera kubwera pomalizira. Poyamba mlimi adziwe kuchuluka kwa madzi amene damu lake likutaya patsiku ndiponso kumene akupita. Kenako atseke mochucha monse. Akatero ndi pamene angadziwe madzi oonjezera amene akufunika ndi kukula kwa paipi yoyenera kugula. Wothira madzi m'damu lobooka amataya ndalama, amatsuka manyowa a m'damu, ndiponso amalanda madzi anzake okhala kumunsi kwa mtsinje.

Chifukwa chake madzi savuta kutha m'maboma awiriwa

Balaka ndi dera lotentha lomwe limalandira mvula yochepa, pafupifupi mamilimita 800 pachaka, ndipo mvulayo imagwa miyezi inayi kapena isanu yokha. Chimodzimodzi madera otsika a Machinga monga ku Liwonde. M'nyengo yotentha, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, dzuwa ndi mphepo zimatha kuchotsa madzi okwana mamilimita 5 mpaka 8 patsiku pamwamba pa damu. Madzi amenewa palibe angawaletse kuchoka.

Ngakhale nyanja ndi madamu akuluakulu amagonja ku vuto lomweli. Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosaya, idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu idaumanso mu 2018. M'chaka chomwecho cha 2018 damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limapereka madzi a m'mipope ku Balaka, lidauma mvula itachepa, litadzaza matope chifukwa cha kudulidwa kwa mitengo kumtunda kwake. Komanso mvula ikachuluka imaononga: namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adadzetsa madzi osefukira m'maboma a kumwera kuphatikizapo Machinga, ndipo chaka chotsatira kudabwera ng'amba ya El Niño. Damu la mlimi liyenera kukonzedwa moti lipirire zonse ziwiri, chilala ndi kusefukira.

Kafukufuku amene Dipatimenti ya Zausodzi idachita limodzi ndi bungwe la ICLARM, lomwe lero ndi WorldFish, kuchokera ku malo a kafukufuku wa nsomba a ku Domasi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, adaonetsa kuti phindu la damu la mlimi wamng'ono si nsomba zokha. Madzi ndi matope ake amathandiza dimba, ndipo zotsalira za m'dimba zimadyetsa nsomba. Choncho damu likaphwa, banja limataya zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Kuyesa ndi ndowa: madzi akupita kuti?

Madzi a m'damu amatha m'njira ziwiri: kuuluka ndi dzuwa, ndi kulowerera pansi kapena m'khoma. Njira ziwirizi zimasiyanitsidwa ndi ndowa, ndodo ndi rula basi.

Mlimi atseke polowera madzi ndipo asatunge m'damumo pamasiku oyeserawo. Azike ndodo m'damu n'kulemba chizindikiro pamene madzi alekeza. Atenge ndowa, aikhazike pa njerwa kapena pamiyala m'damu momwemo kuti mlomo wake ukhale pamwamba pa madzi, athiremo madzi mpaka alingane ndi a kunja, n'kulembanso chizindikiro mkati mwake. Ndowayo aivindikire ndi waya wa nkhuku kuti mbalame ndi ziweto zisamwemo. Pakatha masiku atatu kapena asanu opanda mvula, ayese ndi rula mmene madzi atsikira pandodo ndi m'ndowa, n'kugawa ndi chiwerengero cha masikuwo.

Madzi a m'ndowa amatsika chifukwa cha dzuwa ndi mphepo zokha. A pandodo amatsika chifukwa cha dzuwa komanso kuchucha. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndiko kuchucha kwa damu.

Powerengera, milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mwachitsanzo, damu lotalika mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi lili ndi masikweya mita 200. Ngati pandodo madzi akutsika mamilimita 30 patsiku pamene m'ndowa akutsika mamilimita 7, damulo likutaya malita 6,000 patsiku, omwe ndi ndowa 300 za malita 20. Mwa madzi amenewa, malita 1,400 okha ndiwo akupita ndi dzuwa. Malita 4,600 akulowa m'nthaka. Damu lomwelo likakonzedwa mpaka kuchucha kutsike kufika pa mamilimita 5 patsiku, limataya malita 2,400 okha, ndowa 120. Madzi akuya mita imodzi amene akadatsika kufika pa masentimita 60 m'masiku 13 amatenga masiku 33 kuti afike pamenepo.

Chitsanzochi chikuonetsa zinthu ziwiri. Kukonza kwachepetsa madzi ofunika ndi kuposa theka. Koma ngakhale litakonzedwa, damu la mita imodzi silingafike ku mvula zoyamba popanda madzi oonjezera. N'chifukwa chake ntchito ziwirizi zimayendera limodzi, koma kukonza ndiko kumatsogola.

Kupeza pochuchira

Ngati madzi atsika mofulumira n'kuima pamalo amodzi, bowo lili m'khoma pamzere umene madziwo aimira. Mlimi azungulire damu lonse akuyang'ana pamzerewo. Ngati madzi akungotsikabe osaima, vuto lili pansi pa damu kapena patsinde pa khoma.

Kuseri kwa khoma, malo onyowa kapena udzu wobiriwira kwambiri m'chilimwe umasonyeza pamene madzi akutulukira. Madzi otuluka ali oyera sathamangitsa munthu. Koma akamatuluka ali amatope, ndiye kuti akukokolola dothi mkati mwa khoma ndipo khomalo lingagumuke nthawi iliyonse. Apa madzi a m'damu atsitsidwe tsiku lomwelo.

Zimene zimaboola khoma kawirikawiri ndi mizu ya mitengo, makamaka ikaola, chiswe, nkhanu, mbewa ndi mfuko, ziweto zoponda pakhoma pokamwa madzi, ndiponso paipi imene idakwiriridwa popanda kutsendera dothi bwino. Dothi la makande limasunga madzi bwino likanyowa, koma likauma limang'ambika ming'alu yakuya, ndipo ming'aluyo imasanduka njira za madzi damu likayamba kudzaza.

Kusankha dothi lokonzera

Dothi lokonzera khoma likhale lomata, lopanda udzu, mizu ndi miyala. Mlimi atenge dothi lonyowa pang'ono, aliumbe ngati mpira, aliponye m'mwamba n'kuliwakha. Likapanda kusweka, lili ndi mtapo wokwanira. Angathenso kulipota pakati pa zikhatho: likapanga chingwe chopindika osaduka, ndi labwino. Katondo womata, dothi la pachulu chakufa ndi mtapo wosakaniza ndi mchenga pang'ono zimagwira bwino ntchito. Dothi lapamwamba la m'munda ndi matope ochotsa m'damu zisalowe m'khoma, chifukwa zimaola n'kusiya mipata.

Kukonza khoma

Nthawi yabwino ndi pakati pa Meyi ndi Julayi, nsomba zitakololedwa, dothi likadali ndi chinyezi ndipo ntchito za kumunda zitachepa. Dothi louma gwa silitsenderedwa, ndipo lonyowa kwambiri limaterera.

Bowo lisangomatidwa pakamwa. Likumbidwe kutsatira kumene lapita mpaka pothera, ndipo mbali za chikumbacho zikhale zotsetsereka ngati masitepe kuti dothi latsopano ligwirane ndi lakale. Mizu yonse ndi zisa za chiswe zichotsedwe. Dothi latsopano lithiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 mpaka 20 nthawi imodzi, liwazidwe madzi, n'kusinjidwa ndi chipika cholemera mpaka phazi lisasiye chidindo, kenako n'kuthiranso lina.

Ngati madzi akudutsa pansi pa khoma, pakumbidwe ngalande yotsatira khomalo kumbali ya mkati, yotambalala pafupifupi theka la mita, yozama mpaka itafika pa dothi lolimba lomata. Ngalandeyo idzazidwe ndi mtapo wosinjidwa mofanana ndi mmene zafotokozedwera pamwambapa, ndipo mtapowo ukwere ndi khoma mpaka kupitirira pamene madzi amalekeza.

Pamwamba pa khoma pakhale potambalala mita imodzi kapena imodzi ndi theka, kuti wilibala izidutsa. Mbali ya mkati itsetsereke mamita awiri pa mita imodzi iliyonse ya msinkhu. Khoma litalike masentimita osachepera 30 pamwamba pa madzi damu likadzaza, ndipo pomanga aonjezerepo gawo limodzi mwa magawo khumi a msinkhu wake chifukwa dothi latsopano limatitimira. Pomaliza pabzalidwe kapinga, ndipo vetiva abzalidwe kunja patsinde pa khoma. Mitengo, nthochi ndi nsungwi zikhale patali ndi khoma.

Kumtunda kwa damu kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi othamanga a mvula. Damu lotchinga khwawa liyenera kukhala ndi njira yotayira madzi osefukira yokumbidwa pa nthaka yolimba pambali pa khoma, osati pamwamba pa dothi lothira, ndipo ikhale yotambalala, yoyalidwa miyala kapena udzu. Khoma lalitali kuposa msinkhu wa munthu, kapena limene kumunsi kwake kuli nyumba, lisakonzedwe popanda katswiri wa za ulimi wamthirira wa ku ofesi ya zaulimi ya boma.

Kukonza pansi pa damu

Matope ochuluka achotsedwe n'kukathira m'dimba, koma wochotsayo asapitirire n'kuboola dothi lomata la pansi. Pamene pali mchenga kapena miyala payalidwe mtapo wochindikala masentimita 20 mpaka 30, wosinjidwa m'magawo awiri.

Kenako pansi ponse papondedwe monga amachitira alimi a mpunga ku sikimu ya Domasi pokonza minda yowokeramo. Alowetse madzi ochepa, agaule ndi khasu, ndipo anthu kapena ng'ombe zipondeponde mpaka dothi lisanduke phala. Kupondaku kumatseka timipata ta m'dothi. Ndowe za ng'ombe zothiridwa panthawiyi zimathandizanso kutseka timipatato. Pamene pali dothi la asidi, laimu wa m'munda wokwana magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita amwazidwe, kutanthauza makilogalamu 20 mpaka 40 pa damu la masikweya mita 200.

Damu lokonzedwa lisasiyidwe louma nthawi yaitali. Lidzazidwe pang'onopang'ono pamasiku angapo mlimi akuyendera khoma m'mawa ndi madzulo. Likadzaza, kuyesa kwa ndowa kubwerezedwe. Zotsatira za kuyesa kwachiwiriku ndizo zogwiritsa ntchito posankha paipi. Ngati dothi likulola, kuzamitsa damu kufika mita imodzi ndi theka kumbali yakuya kumasunga madzi ambiri popanda kukulitsa malo owombedwa ndi dzuwa.

Kuyesa gwero la madzi

Gwero liyesedwe mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala pamene madzi achepetsetsa, osati mu Epulo pamene khwawa lililonse likuyenda. Madzi onse a kasupe alozetsedwe pa kapaipi kamodzi kapena pa khungwa la nthochi, ndipo awerenge mphindi zimene ndowa ya malita 20 ikutenga kuti idzaze. Abwereze katatu.

Damu la m'chitsanzo chija, litakonzedwa, likufuna malita 2,400 patsiku. Kasupe wodzaza ndowa m'mphindi 12 akukwanira ngati akuthira usana ndi usiku. Lisanakonzedwe likadafuna kasupe wodzaza ndowa m'mphindi zosakwana zisanu. Ngati mlimi amathiriranso dimba ndi madzi a m'damu, awerenge makheni amene amatunga patsiku n'kuwaphatikiza pa chiwerengerocho. Gwero lisatengedwe lonse. Pakhale madzi otsalira anthu ndi ziweto za kumunsi.

Madera a m'mphepete mwa mapiri a Chikala ndi Malosa ali ndi mwayi wa akasupe ndi timitsinje totsika tokha. M'madera a chidikha, monga mbali zambiri za Balaka, madzi amafunika kupopa kuchokera pachitsime cha m'dimba kapena mumtsinje monga Rivirivi, pogwiritsa ntchito thiredo pampu kapena pampu ya sola. Apa phindu la kukonza limaonekera m'thukuta. Pampu yotulutsa malita 40 pa mphindi imafuna ola limodzi patsiku pa damu lokonzedwa, koma maola awiri ndi theka pa lochucha. Chitsime chisakumbidwe pafupi ndi khoma, chifukwa chimangokoka madzi a m'damu momwemo n'kufooketsa khomalo.

Chilolezo ndi mgwirizano

Lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka zilolezo zopatutsa ndi kutchinga madzi. Mlimi asanatchinge mtsinje kapena kuikamo paipi, afunse ku ofesi ya zamadzi ya boma lake ngati ntchito yakeyo ikufuna chilolezo. Akambiranenso ndi mfumu, komiti ya chitukuko cha m'mudzi ndi eni minda imene paipi idzadutsemo, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Madzi a mipope ya m'midzi yoyenda yokha kuchokera kumapiri, imene idayambira ku Chingale mu 1968 n'kufalikira m'madera monga Kawinga, ndi akumwa. Asalumikizidwe ku damu la munthu.

Kusankha ndi kuyala paipi

Madzi oyenda okha amadalira zinthu zitatu: kutsetsereka kwa malo, kutalika kwa paipi ndi kukula kwake. Kutsetsereka kuyesedwe ndi levulo ya chingwe yomwe alangizi amagwiritsa ntchito pozika mizere ya akalozera. Pamalo otsika mita imodzi pa mamita 100 aliwonse, paipi yakuda ya pulasitiki ya mamilimita 25 imatha kudutsa malita 6 mpaka 7 pa mphindi, ya mamilimita 32 malita 13 mpaka 15, ndipo ya mamilimita 50 pafupifupi malita 50. Kukula kwa paipi kukawirikiza kawiri, madzi odutsa amachuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Pa damu limodzi kapena awiri a masikweya mita 200, paipi ya mamilimita 32 ndi yokwanira ndipo sitsekeka msanga ngati yaing'ono. Yaikulu kuposa pamenepo singaonjezere madzi ngati kasupe mwiniyo ndi wamng'ono.

Poyambira pamangidwe kabokosi ka njerwa ndi simenti komwe mchenga uzitsalira. Paipi ituluke m'kabokosimo masentimita pafupifupi 20 pamwamba pa tsinde, ili ndi sefa kukamwa, ndipo nthawi zonse ikhale yomira kuti isamakoke mpweya. Diso la kasupe lisatchingidwe moti madzi abwerere m'mbuyo, chifukwa kasupe wopanikizidwa amasamuka.

Paipi ikwiriridwe m'ngalande yozama masentimita 45 mpaka 60, kuti itetezeke ku dzuwa, moto wa tchire, makasu ndi akuba. Itsike mosalekeza. Pamene yakwera n'kutsikanso, mpweya umatsekereka pamsonga pake ndipo madzi amachepa kapena kuima. Potero pamafunika kapaipi koimirira kotulutsira mpweya. Pamene yatsika m'khwawa n'kukweranso pamadikha matope, choncho paikidwe potsegulira kuti izitsukidwa. Madzi ayambe ayendetsedwa ngalande isanakwiriridwe, kuti polumikiza ponse paoneke ngati pakudontha.

Pofika padamu, paipi idutse pamwamba pa mzere wa madzi, ituluke masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa madziwo, ndipo pogwera pake payalidwe miyala kuti khoma lisakumbike. Paipi iliyonse yodutsa mkati mwa khoma, monga yotulutsira madzi, izingidwe ndi mtapo wosinjidwa kapena kachipupa ka simenti pakati pa khomalo, kuti madzi asamayende motsatira kunja kwake.

Kagwiritsidwe ntchito ka madzi oonjezera

Cholinga ndi kubwezeretsa madzi otayika, osati kuti madzi azingodutsa m'damu. Makumba, chilunguni ndi chambo zimakula bwino m'madzi obiriwira, chifukwa kubiriwirako ndi tizakudya tachilengedwe tomera ndi manyowa. Madzi akamalowa ndi kutuluka nthawi zonse, manyowa amapita kumtsinje ndipo damu limazizira. Paipi ikhale ndi potsekera, ndipo mlimi azitseka madzi akafika pa chizindikiro cha pandodo. Akaviika mkono mpaka m'chigongono chikhatho n'kumaonekabe bwino, madzi ayera kwambiri: achepetse olowa, aonjezere manyowa.

Kukamwa kwa paipi kumangidwe sefa ya timabowo ting'onoting'ono yoletsa milamba ya kutchire, yomwe imadya ana a nsomba, ndi nsomba zina zosafunika. Sefa ziyeretsedwe tsiku lililonse. Koma sefa siletsa matenda. Matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, omwe adapezeka koyamba m'Malawi ku Mchinji mu 2020, amafala ndi madzi, nsomba ndi maukonde. Choncho madzi otuluka m'damu lina asalowe m'damu linzake, ndipo mumtsinje mukaoneka nsomba za zilonda paipi itsekedwe, mlangizi wa zansomba adziwitsidwe msanga.

Zoyenera kutsata alangizi ndi alimi otsogolera

Ntchitoyi imatenga chaka chathunthu. Mu Okutobala ayese gwero ndi kuchucha kwa damu. M'dzinja aone mmene madzi a mvula akuyendera pozungulira damu, n'kumaliza za chilolezo ndi mgwirizano. Pakati pa Meyi ndi Julayi akonze khoma ndi pansi, n'kubwereza kuyesa kwa ndowa. Mu Ogasiti ayale paipi, kutentha kusanafike.

Mlimi wotsogolera aliyense asunge kope lolembamo kukula kwa damu, mtundu wa dothi, miyeso ya pandodo ndi ya m'ndowa damu lisanakonzedwe ndi litakonzedwa, mphindi zodzazira ndowa pagwero, kutalika ndi kukula kwa paipi, ndi ndalama zimene zalowa. Miyeso imeneyi ikaonetsedwa patsiku la chionetsero, alimi ena amadzionera okha kusiyana kwake.

Pamene gwero silikukwanira ngakhale damu litakonzedwa, mlimi alangizidwe kusagula mapaipi. Aike mbewu ya nsomba damu likangodzaza kumayambiriro kwa mvula, akolole madzi asanatsike kufika pa masentimita 60, ndipo madzi otsalawo athirire dimba.